Lamulo Lopanda Chifukwa Silichiza Malungo

Chaka china, mvula itangoyamba, bungwe lina la zaumoyo linandipatsa ntchito yomasulira kapepala ka malungo kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Kanali kakafupi, mizere 6 yokha, ndipo mzere uliwonse unali lamulo. Gonani m'masikito. Pitani kuchipatala msanga. Yezetsani magazi. Malizani mankhwala. Musagawane mankhwala. Musasunge otsala. Nditamaliza ndinaona kuti m'munsi mwatsala malo, ndiye ndinaikapo ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chake munthu ayenera kumaliza mapiritsi ngakhale thupi litazizira. Kapepalako katabwerako kwa mabwana, ziganizo zanga zinali zitakhwatchidwa ndi cholembera chofiira. Pambali analembapo kuti zoterezi ziwasokoneza anthu akumudzi, uthenga ukhale wosavuta.

Ndalama ndinalandira, ndipo ndinadya. Koma mawu aja ndikuwatsutsa, ndipo ndinayenera kuwatsutsa tsiku lomwelo. Maganizo akuti munthu wakumudzi angomva lamulo, za mmene matenda amayendera m'thupi azisiyire ophunzira, ndi chipongwe. Chikanakhala chipongwe chokha ndikanangodandaula n'kukhala chete. Vuto n'lakuti maganizo amenewa akudwalitsa ana, ndipo akutifooketsera mankhwala amene tonse tikudalira.

Miyezi ingapo chichitikire zimenezi, achemwali anga anandiimbira foni kuchokera kumudzi. "Amalume ake, mwanayu watentha thupi, ndi malungo. Ndamupatsa LA uja anatsala kwa mkulu wake." Ndinawafunsa ngati anakamuyezetsa. Anati ayi, kuyezetsa kwa chiyani poti malungo amadziwika. Patapita masiku awiri mwanayo anayamba kupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Atafika naye kuchipatala, magazi anaonetsa kuti alibe malungo. Chinali chibayo. Anachira, koma masiku awiri aja akanatha kumutenga.

Achemwali anga si munthu wopusa. Amadziwa mtengo wa feteleza m'misika itatu, amasunga kaundula wa banki ya m'mudzi, ndipo malamulo onse a pa kapepala kanga amawadziwa pamtima chifukwa amawaimba kusikelo. M'nyumba imodzi munaswedwa malamulo atatu: mkulu uja sanamalize mankhwala, otsala anasungidwa, wamng'ono anamwa osayezetsa. Anawaswa chifukwa maso awo ankawauza zina. Mkulu uja anadzuka n'kuyamba kusewera pa tsiku lachiwiri, ndiye mapiritsi otsalawo anali a chiyani? Lamulo likamakangana ndi zimene munthu akuona ndi maso ake, maso ndiwo amapambana. Chimene chingagonjetse maso ndi chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho ndi chimene chinakhwatchidwa.

Tsono ndiyese kuchita zimene anati n'zosatheka, kufotokoza m'Chichewa.

Poyamba, mawu akuti malungo timawasenzetsa katundu wambiri. Wina akanyowa ndi mvula n'kuphwanya m'thupi, ati malungo. Wina akalima tsiku lonse n'kumva mutu, ati malungo. Mwana akatentha thupi usiku, malungo. Koma kutentha thupi pakokha ndi chida cha thupi lomwelo. M'magazi mwathu muli maselo oyera amene ntchito yawo ndi kulondera. Akakumana ndi chachilendo, kaya ndi kachilombo ka chimfine, ka chibayo, ka taifodi kapena ka malungo, amatumiza uthenga ku ubongo, ndipo ubongo umakweza muyezo wa kutentha kumene thupi liyenera kukhala nako. N'chifukwa chake wodwala amanjenjemera n'kumapempha bulangete dzuwa likuswa mtengo: thupi likusonkhezera moto kuti lifike pa muyezo watsopanowo. Kutentha thupi kuli ngati kuuwa kwa galu usiku. Ukudziwa kuti pabwalo pali kanthu, koma sukudziwa ngati ndi fisi, mbala kapena mlamu wako wochokera ku mowa. Kuyezetsa magazi ndiko kutuluka ndi tochi.

Malungo enieni amayamba ndi kachilombo kotchedwa Plasmodium, ndipo mtundu umene ukupha anthu ambiri kuno kwathu ndi Plasmodium falciparum. Woyamba kukaona m'magazi a munthu anali dokotala wa asilikali wa ku France, Alphonse Laveran, mu 1880, ku Constantine m'dziko la Algeria. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma, umalavulira tizilombo tochepa chabe. Timeneti timathamangira kuchiwindi n'kubisala m'menemo pafupifupi sabata imodzi, munthu akuyenda, akulima, osamva kanthu. M'sabata imeneyo kachilombo kamodzi kamaswana kukhala masauzande ambirimbiri. Kenako timatuluka n'kulowa m'maselo ofiira, aja amanyamula mpweya m'magazi. Kalikonse kamadya za m'kati mwa selo lake, kamaswana kukhala 16, 20 kapena kuposa apo, ndipo pakatha maola 48 selolo limaphulika, ana onsewo n'kukalowa m'maselo ena. Zinyalala za kuphulikako ndi zimene zimadzutsa alonda aja, thupi n'kutentha. Maselo ofiira akamatha, mwana amayera zikhatho, ndipo timati magazi achepa.

Kachilombo ka falciparum kali ndi chinyengo chinanso. Thupi lili ndi kapamba, chiwalo chimene chimasefa magazi n'kuchotsa maselo owonongeka. Pofuna kuzemba sefa ameneyu, kachilombo kamapangitsa selo limene kalowamo kukhala lomata ngati ulimbo, n'kukakamira m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono. Zikachitika mu ubongo, mwana amakomoka. Bungwe la World Health Organization linayerekeza kuti mu 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000 padziko lonse, ndipo pafupifupi 95 pa 100 alionse anali a mu Africa, ambiri mwa iwo ana osafika zaka 5.

Kodi pa zimene ndalembazi pali chimene mayi wolima fodya, amene amadziwa kusiyanitsa magiredi a masamba ndi maso okha, sangamve?

Tibwere ku mankhwala. LA, amene ku Zambia amadziwika kwambiri ndi dzina lakuti Coartem, ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi. Oyamba, artemether, amachokera ku chomera chimene Tu Youyou wa ku China ndi anzake anachifufuza kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ntchito imene anapatsidwa nayo mphoto ya Nobel mu 2015. Amenewa ali ngati aganyu achangu: amagwetsa tizilombo tochuluka m'kanthawi kochepa, koma pakatha maola angapo achoka m'thupi. Achiwiri, lumefantrine, amagwira pang'onopang'ono koma amakhala m'magazi masiku ambiri, kukunkha zimene aganyu asiya. Amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta, mkaka kapena phala la nsinjiro. Amamwedwa maulendo 6 m'masiku atatu kuti akumane ndi mibadwo iwiri ya tizilombo, popeza mbadwo uliwonse umatenga maola 48, komanso kuti wokunkhayo achuluke mokwanira m'magazi. Munthu wodwala kwambiri amakhala ndi tizilombo mabiliyoni. Tikachepa, thupi limazizira, mwana n'kuyamba kusewera. Koma kuchepa si kutha.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ndipo mlimi aliyense akuidziwa kale. Pokolola, mlimi amasankha zisononkho zazikulu, zodzaza bwino, n'kuzisunga kuti zikhale mbewu. Akachita zimenezi chaka ndi chaka, munda wonse umafanana ndi zimene amasankhazo. Tizilombo nato sitifanana tonse. Pakati pa mabiliyoni aja, mwangozi chabe, kena kamabadwa ndi kusiyana pang'ono kumene kamakathandiza kupirira mankhwala. Mankhwala okwanira, awiri pamodzi, amapha ndi komweko. Mankhwala operewera amapha tofooka tokha, n'kusiya kolimbako kali kokha m'munda mopaliridwa bwino. Udzudzu ukaluma munthuyo umanyamula kolimbako kupita nako kwa mnansi. Wosamaliza mankhwala, mosadziwa, wasankhira malungo mbewu. Womwa LA alibe malungo wachitanso zofanana: mankhwala okunkha aja amatsalira m'magazi ake akuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo tizilombo tatsopano tikalowa nthawi imeneyo timapeza mankhwala osakwanira kutipha tonse.

Zimenezi si zongoganizira. Zinatichitikira kale. Makolo athu anachira ndi chloroquine, mankhwala otsika mtengo amene ankapezeka m'golosale iliyonse. Kachilombo kakamadya za m'selo lofiira kamatsala ndi nyenyeswa zapoizoni zimene kayenera kuziumitsa kuti zisakaphe. Chloroquine ankalepheretsa kuumitsako, kachilombo n'kufa ndi zinyalala zake zomwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kumalire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia, kunatuluka tizilombo totha kupopera chloroquine kunja asanagwire ntchito. Mu 1978 tinapezeka kum'mawa kwa Africa. Pofika 1993 zinthu zinali zitaipa moti Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Nayenso SP anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Mankhwala awiri anatifera m'manja munthu mmodzi asanakalambe.

Ku Blantyre kunachitika chinthu chimene mwana aliyense wa sukulu m'dziko muno anayenera kuphunzitsidwa. Ofufuza anapeza kuti mu 1992 tizilombo 85 pa 100 tinali ndi chizindikiro chopirira chloroquine, koma pofika 2000 tinali titatsika kufika pa 13. Kafukufuku wa ana a ku Ndirande amene anasindikizidwa mu 2006 anaonetsa kuti chloroquine anachiza 99 pa 100, pamene SP anachiza 21 okha. Chinachitika n'chiyani? Pampu yotulutsa mankhwala ija ndi katundu wolemera kwa kachilombo. Chloroquine atachoka, tizilombo topanda katunduyo tinaswana msanga n'kuchuluka kuposa tolimba tija. Sindikunena kuti tibwerere ku chloroquine, chifukwa titangomubweza yekha mbewu yolimba ija ingabwerenso. Ndikunena kuti zimene anthu a dziko limodzi amamwa zimasintha kachilombo ka dziko lonselo, kulimba kapena kufooka, m'zaka zosakwana 10. Dziko lonse la sayansi linaphunzira zimenezi kwa ana a ku Ndirande. Amayi awo anauzidwa m'chilankhulo chiti?

Lero zizindikiro zoti tizilombo tayamba kuchedwa kufa ndi mankhwala a gulu la artemisinin, zimene zinaoneka koyamba ku Cambodia, zatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. LA akuchizabe, ndipo aliyense wopezeka ndi malungo amwe mosakayika. Koma Tanzania tagundana nayo malire, ndipo udzudzu sufunsidwa chiphaso pa Songwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa zimene anditsutse nazo. Ena ati vuto si umbuli koma umphawi: chipatala chili kutali, kabaza ndi wodula, ukafika upeza zoyezera zatha, ndiye mayi amasunga mapiritsi podziwa kuti usiku wina adzawafuna. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikuchotsera boma lililonse udindo wake woika mankhwala ndi zoyezera pafupi ndi anthu. Koma taonani kumene mfundo imeneyi ikutifikitsa. Ngati mayi ndiye amene amagamula yekha pakati pa usiku, kopanda dokotala kapena namwino, ndiye kuti iyeyo ndi amene akufunika kudziwa zambiri kuposa wina aliyense. Akadziwa kuti kutentha thupi kuli ndi eni ake ambiri, ayang'ananso kapumidwe ka mwana, khosi ngati lauma, ngati akukana kuyamwa, ndipo adziwa usiku woyenera kugogoda kwa mwini njinga. Wokhala pafupi ndi chipatala angathe kukhala ndi moyo pongomvera. Wakutali sangathe.

Ena ati Chichewa chilibe mawu. Ine ntchito yanga ndi mawu, ndipo bodza limeneli landitopetsa. Chiwindi, kapamba, mitsempha, ubongo, zonsezi agogo ankazitchula posenda mbuzi. Selo tabwereka, monga mmene Angerezi anabwerekera. Dzina lawo la malungo analitenga ku Chitaliyana, ndipo limatanthauza mpweya woipa, chifukwa makolo awo ankakhulupirira kuti matendawa amachokera ku fungo la m'madambo. Sanataye chilankhulo chawo chifukwa cha kulakwitsako. Anapitiriza kufotokozerana mpaka mawu akale anasenza nzeru zatsopano. Ifenso tinachitapo zomwezo. Pamene ma ARV anafika, alangizi anakhala pansi ndi anthu n'kuwafotokozera za chitetezo cha m'thupi, za CD4, za chifukwa chake kudumphitsa mankhwala kumalimbitsa kachilombo. Anthu osapita kusukulu anamva, ndipo ambiri akhala akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 15. Ngati zinatheka ndi HIV, n'chifukwa chiyani pa malungo tikubwerera ku nyimbo za malamulo?

Ena ati uthenga waufupi ndi umene umakumbukika. Inde, pa chikwangwani cha pamsewu. Koma amayi amakhala pa benchi kusikelo m'mawa wonse. Wailesi ili ndi maola. Sukulu ili ndi zaka. Nthawi ilipo. Chimene chikusowa ndi chikhulupiriro chakuti womverayo ali ndi mutu.

Ndisanamizire akumudzi okha. Ife a m'tauni, a madigiri athu, ndife oyamba kulowa m'famase n'kunena kuti ndipatseni LA, ndikudzimva malungo. Kuyambira 2010 malangizo a World Health Organization akhala akuti munthu ayezedwe asanalandire mankhwala a malungo, ndipo kachipangizo kobaya pachala kamatulutsa zotsatira m'mphindi 15 kapena 20. Komabe alipo ogwira ntchito zachipatala amene amati magazi akakana malungo, amaperekabe LA kuti wodwala asabwerere chimanjamanja. Nawonso anaphunzitsidwa lamulo, koma amaopa nkhope ya mayi amene wayenda mtunda wautali. Mayiyo akanadziwa zimene galu akuuwa, akanafunsa yekha kuti, ngati si malungo, ndi chiyani?

Funso limenelo ndi lofunika ngakhale magazi atavomera. M'madera a malungo ambiri, mwana angathe kukhala ndi tizilombo m'magazi koma chomudwalitsa chili china. Kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre, kumene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyezo woonera kukomoka kwa ana umene madokotala padziko lonse amautchula ndi dzina la mzindawu, anapima matupi a ana 31 amene ankaganiziridwa kuti anafa ndi malungo a mu ubongo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti ana 7 anafa ndi matenda ena. Ngati akatswiri anavomera poyera kuti dzina lakuti malungo linawaphimba m'maso, ife tikuopa chiyani kuuza anthu kuti nkhaniyi ili ndi mbali zambiri?

Katemera akutiyesanso pa mfundo yomweyi. Pa 23 April 2019 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kusikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Katemerayu amaphunzitsa thupi kugwira tizilombo tisanafike kuchiwindi. Amachepetsa malungo oopsa ndi imfa, koma satseka khomo lonse, ndipo amafuna maulendo anayi. Mukangouza mayi kuti kabayitseni mwana, tsiku limene mwana wobayidwayo adzadwale malungo mayiyo adzati munamunamiza, ndipo adzauza mudzi wonse. Mukamuuza kuti kachilombo kamodzi kokha kakazemba n'kufika kuchiwindi kamaswana masauzande, adzamvetsa chifukwa chake masikito akufunikabe. Mphekesera zimamera pamene chifukwa sichinadzalidwe.

Choncho ndikupempha zinthu zotheka. Olemba mauthenga a zaumoyo, pa lamulo lililonse ikanipo chifukwa chake, ndipo mukayese kwa anthu enieni musanagamule kuti sangamve. A wailesi, itanani asayansi athu, amene alipo ambiri ku Blantyre, Lusaka ndi Maputo, adzalankhule chilankhulo cha amayi awo, ndipo akakakamira Chingerezi muwabweze mwaulemu. Aphunzitsi, nkhani ya chloroquine ku Ndirande ndi phunziro la mmene zamoyo zimasinthira, ndipo inachitikira pakhomo pathu. Omasulira anzanga, tisamangolandira cheke. Tikaona kuti chifukwa chachotsedwa, tifunse kuti wachichotsa ndani ndipo akuganiza kuti owerenga ndi ndani.

Nditapita kumudzi kukaona mwana uja, ndinakhala pakhonde ndi achemwali anga tikutongola chimanga, ndipo ndinawauza ziganizo zitatu zija monga ndinazilembera. Thupi likazizira, tizilombo tachepa koma sitinathe. Timene tatsalato ndi tolimba kuposa tinzake, ndipo mukasiya mankhwala mwatisunga ngati mbewu. Udzudzu udzatitenga n'kukatidzala mwa mwana wina, ndipo tsiku lina mankhwalawa adzaleka kugwira ntchito kwa tonse.

Anakhala chete pang'ono, chitsononkho chili m'manja. Kenako anandifunsa ngati n'chimodzimodzi ndi anankafumbwe amene masiku ano safa msanga munthu akathira mankhwala ochepa m'thumba pofuna kuti akwanire matumba onse. Ndinati n'chimodzimodzi. Anati, "Nanga bwanji osatiuza kalekale?"